ALENDO AMENE SANAODIRE

Filimu yakale ya ulendo wa ku Mwezi

M'phunziro ili tikambirana za filimu imodzi yakale kwambiri. Dzina lace m'Cifalansa ndi Le Voyage dans la Lune. M'Cinyanja tingati Ulendo wa ku Mwezi. Inapangidwa ku France m'caka ca 1902. Amene anaipanga ndi Georges Méliès.

Filimu iyi ndi yaifupi. Imatenga mphindi pafupi-fupi 15. Iribe mau. Anthu a m'menemo sitiwamva kulankhula, ndipo palibe zolemba pakati pa zithunzi. Munthu wa ku Angónia, wa ku Lago kapena wa ku Milange angaitsate bwino monga munthu wa ku Paris. Pafunika maso okha.

Koma maso naonso amaphunzira. Ife taphunzira kuti zilembo ziri ndi tanthauzo. Zithunzi nazonso ziri ndi tanthauzo. Wojambula amasankha coti ationetse, amasankhanso coti asiye. Tsono tiyeni tiwerenge filimu iyi monga m'mene timawerengera buku. Tifunse mafunso atatu. Kodi ikutiuza ciani? Kodi anaipanga bwanji? Nanga iri ku mbali ya yani?

Nkhani yace

Filimu iyamba ndi msonkhano. M'nyumba yaikulu mwasonkhana akulu-akulu ophunzira za nyenyezi. Abvala mikanjo yaitali ndi zisoti zosongoka. Mtsogoleri wao ndi nkhalamba ya ndebvu zoyera, dzina lace Barbenfouillis. Iye ajambula pa bolodi dziko lapansi, Mwezi, ndi njira ya pakati pace. Maganizo ace ndi awa: apange mzinga waukulu, alowe m'cipolopolo cace, ndipo anthu awaombere ku Mwezi. Mmodzi akana. Nkhalamba ipsa mtima nimuponyera mapepala. Potsiriza amuna asanu abvomera kupita nayo. Onse pamodzi ali 6.

Kenaka tiona amisiri akusula cipolopolo cacikulu ngati kanyumba. Tionanso mafakitale akufuka utsi, kumene akusungunula citsulo ca mzinga. Tsiku la ulendo lifika. Amuna aja alowa. Atsikana obvala ngati asilikali a pamadzi akankhira cipolopolo mu mzinga. Moto uyatsidwa, mzinga ulira.

Apa pabwera cithunzi cimene cinachuka pa dziko lonse. Mwezi uli ndi nkhope ya munthu. Ukuyandikira, ukukula. Mwadzidzidzi cipolopolo cija ciubaya m'diso. Nkhope ikwinyika ndi ululu.

Alendo atuluka. Aona dziko lapansi likukwera patali, monga m'mene ife timaonera Mwezi madzulo. Atopa, afunda mabulangete, agona. Nyenyezi zokhala ndi nkhope za anthu ziwasuzumira. Kenaka kugwa madzi oundana, oyera ngati ufa, onga amene amagwa m'maiko ozizira. Alendo athawira m'phanga. M'menemo muli bowa wautali kuposa munthu. Mmodzi azika ambulera yace pansi, ndipo isanduka bowa niyamba kukula.

Tsono eni dziko afika. Méliès anawacha Sélénites. Ife tingowachula kuti eni Mwezi. Thupi lao lifanana ndi la nkhanu kapena la ciwala. Woyamba abwera akudumpha-dumpha. Mlendo amukwapula ndi ambulera, ndipo iye aphulika, patsala utsi wokha. Waciwiri cimodzi-modzi. Koma eni Mwezi abwera ambiri. Agwira alendo, awamanga, napita nao kwa mfumu yao. Kumeneko nkhalamba imasuka, inyamula mfumu pa mpando wace niimenyetsa pansi. Mfumu nayo isanduka utsi.

Alendo athawa. Cipolopolo cao ciri m'mphepete mwa phompho. Asanu alowa, nkhalamba ikoka cingwe, cipolopolo cigwa. Mmodzi wa eni Mwezi akakamira kumbuyo kwace. Onse agwera m'nyanja ya dziko lapansi, ndipo sitima iwakokera ku doko. Mu mzinda muli cikondwerero. Alendo alandira mamendulo. Mwini Mwezi uja amuonetsa kwa anthu ali wogwidwa. Pamapeto aimika ciboliboli ca Barbenfouillis ataponda nkhope ya Mwezi.

Munthu amene anaipanga

Georges Méliès anabadwira ku Paris mu 1861. Atate ace anali ndi fakitale ya nsapato. Iye sanaikonde nchito imeneyo. Mu 1888 anagula nyumba ya masewero yochedwa Théâtre Robert-Houdin. Kumeneko anali kucita masewero ozunguza maso, monga kusowetsa munthu anthu akuona. Umenewu si ufiti ai. Ndi cangu ca manja, magalasi, zingwe ndi zitseko zobisika pansi.

Mu 1895 anthu awiri apacibale, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa makina a zithunzi zoyenda. Mafilimu ao anali kuonetsa zinthu za tsiku ndi tsiku, monga anchito akutuluka m'fakitale. Méliès ataona makinawo anafuna kuwagula, koma eni ace anakana. Iye anakagula ena ku London, nawakonza yekha kuti azijambula. Mu 1897 anamanga nyumba ya magalasi ku Montreuil, kufupi ndi Paris. Anafuna magalasi kuti dzuwa lilowe, cifukwa kujambula kumafuna kuwala kwambiri. Pakati pa 1896 ndi 1913 anapanga mafilimu oposa 500.

Abale a Lumière anagwiritsa kamera kuonetsa zimene ziripo. Méliès anaigwiritsa kuonetsa zimene kulibe. M'filimu yathu iyi, nkhalamba Barbenfouillis ndi Méliès mwini wace.

Macenjera a kamera

Kodi munthu angaphulike bwanji nkusanduka utsi? Tiyambe tamvetsa kuti filimu nciani. Filimu ndi tizithunzi tambiri-mbiri tondondozana pa lamba wautali. Kacithunzi kali konse kasiyana pang'ono ndi kanzace. Tikamadutsa mofulumira, maso athu amaona ngati zinthu zikuyenda. Lamba wa filimu iyi anali wa mamita pafupi-fupi 260.

Kamera ya nthawi imeneyo inali yopukusa ndi dzanja. Mlendo akakweza ambulera, wojambula anali kuleka kupukusa. Wosewera uja anali kucoka, ndipo pamalo pace anali kuikapo utsi. Kenaka anali kuyambanso kupukusa. Pambuyo pace anali kudula lamba ndi kulumikiza bwino. Woonera saona kuti panapita nthawi. Iye angoona munthu, kenaka utsi.

Nanga Mwezi woyandikira uja? Kamera sinasunthe. Anakhazika munthu pa mpando, namuphimba ndi nsalu yakuda kufikira m'khosi. Nkhope yace anaikonza kuti ioneke ngati Mwezi. Tsono anakokera mpando uja kufupi ndi kamera pang'ono-pang'ono. Za pansi pa nyanja anazijambula kudzera m'cotengera ca galasi codzaza madzi. Mapiri a ku Mwezi ndi utoto wopakidwa pa nsalu ndi pa matabwa. Eni Mwezi anali akatswiri odumpha a ku nyumba ya masewero ya Folies Bergère. Nchito yonse inatenga miyezi itatu, ndipo inadya mafranki 10,000, ndalama zambiri pa nthawi imeneyo.

Kudziwa zimenezi nkofunika. Munthu wodziwa m'mene cithunzi cimapangidwira sanyengedwa msanga. Ngati mu 1902 munthu anatha kunamiza maso ndi lumo ndi ulimbo, kuli bwanji lero pamene kompyuta imasintha nkhope ya munthu? Zithunzi zambiri zimatifika pa foni. Kunena kuti "ndaona ndi maso anga" sikukwanira. Tizifunsanso kuti anajambula ndani, ndipo akufuna ciani.

Zokoma ndi zoperewera

Ubwino woyamba wa filimu iyi ndi wakuti nkhani yace imamveka popanda mau. Cigawo ciri conse ciri ndi nchito imodzi: kukangana, kusula, kunyamuka, kufika, kugona, kumenyana, kuthawa, kubwerera. Palibe cotsala, palibe coonjeza. Munthu amene waonera kamodzi angaifotokoze yonse kwa mnzace.

Ubwino waciwiri ndi cithunzi ca diso cija. Cimaseketsa, koma cimapwetekanso. Ali yense adziwa kuwawa kwa kacitsotso m'diso. Ndi cithunzi cimodzi cokha, Méliès watiuza kuti alendo awa afika mobvulaza. Asanatsike nkomwe, alakwira kale mwini malo.

Ubwino wacitatu ndi ufulu wa maganizo. Ambulera kusanduka bowa, nyenyezi kusuzumira anthu ogona, zonsezi ndi za munthu amene sanaope kulota. Iye anaonetsa kuti kamera ingathe kusimba nthano monga m'mene agogo amasimbira pamoto.

Zoperewera ziriponso. Kamera imangoima malo amodzi, patali, ngati munthu wokhala pa mpando m'nyumba ya masewero. Cifukwa cace nkhope za anthu sitiziona bwino. Pa msonkhano woyamba anthu aculuka, onse akugwedeza manja, ndipo nkobvuta kudziwa woti timuyang'ane. Kufika kwa cipolopolo akutionetsa kawiri, koyamba m'diso, kaciwiri pa nthaka ya Mwezi, ndipo woonera wa lero angasokonezeke. Izi sitingamudzudzule nazo kwambiri. Kanema anali asanakwanitse zaka 7. Njira zambiri zimene tinazizolowera zinali zisanapezeke.

Zoona ndi zongopeka

Kodi ulendo wotere ungatheke? Iai. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 384,000. Mseu wocokera ku Tete kufika ku Maputo upitirira pang'ono makilomita 1,500. Ndiye kuti kupita ku Mwezi kuli ngati kuyenda mseu umenewo maulendo pafupi-fupi 250.

Kuti cinthu cithawe mphamvu yokoka ya dziko lapansi, ciyenera kuthamanga makilomita 11 pa sekondi imodzi. Mzinga umapereka liwiro lonse nthawi imodzi. Anthu okhala m'cipolopolo akanaphwanyika ngati mazira mu mtondo. Ncifukwa cace anthu opita kumwamba amakwera roketi, imene imaonjeza liwiro pang'ono-pang'ono.

Ku Mwezi kulibe mpweya wopuma. Kulibe mvula, kulibe bowa, ndipo sikunapezeke camoyo ciri conse. Zinthu zimapepuka kumeneko. Thumba la cimanga la makilo 60 lingalemere ngati la makilo 10. Koma Mwezi umakokabe zinthu. Munthu sangagwe kucoka kumeneko kudza kuno monga m'mene bango limagwera pa mtengo wothyoka.

Mu 1959 combo copanda anthu cochedwa Luna 2, ca dziko limene linali kuchedwa União Soviética, cinakagunda pa Mwezi. Pa 20 Julho 1969 anthu awiri a ku Amerika, Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin, anatera pa Mwezi. Ulendo wao unatenga masiku anai. Anabvala zobvala zokhala ndi mpweya. Anapeza pfumbi ndi miyala. Pakati pa 1969 ndi 1972 amuna 12 anayenda pa Mwezi.

Tsono kodi Méliès ndi wabodza? Tikamva nthano ya Kalulu ndi Njobvu, sitifunsa ngati kalulu amalankhuladi. Timafunsa cimene nthano ikuphunzitsa. Filimu iyi ndi nthano ya mtundu watsopano, nthano ya makina ndi maulendo. Maganizo ena Méliès anawatenga m'mabuku. Jules Verne wa ku France analemba za mzinga woombera anthu ku Mwezi mu 1865. H. G. Wells wa ku England analemba za eni Mwezi mu 1901. Zosatheka za m'filimu si bvuto lalikulu. Bvuto liri pa khalidwe la alendo.

Eni Mwezi

Tiganize za mwambo wathu. Mlendo akafika pa khomo, amaima patali nanena kuti "Odi!" Amadikira kuti amuyankhe. Akafika m'mudzi wa eni, amayamba waonekera kwa mfumu. Amanena kumene wacokera ndi cimene wadzera. Akulu anati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, ndipo sayenera kusiya cipsera.

Nanga alendo a m'filimu acita ciani? Sanaodire. Sanapereke moni. Mwini Mwezi woyamba sanawabvulaze. Iwo ndiwo anayamba kupha. Eni dziko atawagwira sanawaphe ai. Anapita nao kwa mfumu, monga m'mene anthu a malamulo amacitira ndi munthu wopalamula. Alendo sanadikire mlandu. Anapha mfumu pa bwalo lace lomwe.

Taonaninso kuti amuna awa amachedwa ophunzira, koma palibe cimene anaphunzira. Sanayese kanthu, sanalembe kanthu, sanafunse kanthu. Cida cimene cawagwirira nchito ndi ambulera, ndipo nchito yace yakhala kumenya. Abwerera kwao ndi munthu wogwidwa, ndipo alandira mamendulo.

Anthu a ku Paris amene anaonera filimu iyi mu 1902 anali kuidziwa kale nkhani yotere. Inali nthawi imene maiko a ku Ulaya anali kulanda Afrika. Pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885 anagwirizana malamulo ogawirana maiko a eni. Dziko la France linalanda Madagascar, ndipo mu 1897 linacotsa mfumukazi Ranavalona III niliipitikitsira kunja. Pa cionetsero cacikulu ca ku Paris ca 1889, anthu ocokera ku Afrika anaikidwa m'timidzi tongomanga kuti anthu aziwaonera. M'caka comwe ca 1902, asilikali a Apwitikizi anathira nkhondo dziko la Báruè.

Tsiku limodzi, zinthu ziwiri

Pali tsiku limene tiyenera kulikumbukira: 28 Dezembro 1895. Pa tsiku limenelo, ku Paris, abale a Lumière anaonetsa kanema koyamba kwa anthu olipira pakhomo. Pa tsiku lomwelo, ku Chaimite, m'dziko la Gaza, Mouzinho de Albuquerque anagwira mfumu Ngungunhane.

Ngungunhane sanali mfumu yofatsa. Mitundu yambiri inalira cifukwa ca nkhondo zace. Koma taonani zimene anamucita. Anamukweza sitima kupita naye ku Lisboa. Anafika mu Março 1896, ndipo anamuyendetsa m'miseu pa ngolo kuti khamu la anthu limuone. Kenaka anamutumiza ku zisumbu za Açores, kumene anamwalira mu 1906. Mouzinho analandira mamendulo. Mu 1940 anamuimikira ciboliboli, atakwera pa kavalo, pakati pa mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Ciboliboli cimeneco cinacotsedwa pamalopo mu 1975.

Mfumu yogonjetsedwa, wogwidwa woonetsedwa m'miseu, mendulo, ciboliboli. Zonse zinai ziri m'filimu ya Méliès. Sitikunena kuti iye anali kuganiza za Gaza. Tikunena kuti mwambo umenewu unali wodziwika ku Ulaya konse, kotero kuti unalowa ngakhale m'nthano yoseketsa.

Kodi akutama kapena akuseka?

Ili ndilo funso lalikulu. Kodi Méliès akutama alendo aja, kapena akuwaseka?

Pali zizindikiro zambiri zakuti akuwaseka. Asanayambe za kanema, iye anali kujambula zithunzi zonyoza anthu a ndale m'nyuzipepala yochedwa La Griffe. Anali kudziwa kuseka anthu odzikuza. M'filimu iyi akulu-akulu aja akangana ngati ana. Mmodzi agwera m'mtsuko pamene akuyendera amisiri. Atangofika ku Mwezi, agona tulo. Pamapeto athawa liwiro la mtondo wadooka. Anthu otere akalandira mendulo, woonera wanzeru aona kuti mendulo ija ndi yacabe. Ciboliboli ca nkhalamba yobvala cisoti cosongoka sicipatsa ulemu. Cimaseketsa.

Koma pali mbali ina. Kamera iri ndi alendo kuyambira poyamba kufikira pomaliza. Tidziwa maina ao, tiona kwao, tiona owaperekeza. Eni Mwezi alibe maina. Nkhope zao nzobisika. Sitiona ana ao, minda yao kapena maliro ao. Akafa, palibe mwazi, palibe mtembo, palibe wolira. Pangokhala kautsi, ndipo anthu oonera aseka. Imfa yao yasanduka masewero ozunguza maso. Mfumu itaphedwa, filimu ithamangira kwa alendo. Sibwereranso kukaona zimene zatsala ku Mwezi.

Tsono tingati Méliès anaona kupusa kwa olanda, koma sanaone cisoni ca olandidwa. Anayenda theka la njira. Theka linalo tiyenera kuyenda ife oonera. Tikafika pa mwini Mwezi wogwidwa uja, tidzifunse kuti iye akuona ciani pamene khamu likumuzinga. Filimu siyankha. Koma mbiri ya dziko lathu imatithandiza kuyankha.

Manja osachulidwa

Pali cinanso coti tione. Ndani anapanga cipolopolo? Amisiri. Méliès anacita bwino kutionetsa iwo ali ndi nyundo m'manja. Koma pa tsiku la mamendulo amisiri salandira kanthu. Nanga akazi? Iwo akankha cipolopolo, akupiza zisoti, abvina. Palibe mkazi pakati pa oyenda ulendo. M'moyo weni-weni, mkazi woyamba kupita kuthambo anali Valentina Tereshkova, mu 1963, ndipo asanayambe nchito imeneyo anali kugwira nchito m'fakitale ya nsalu.

Ngakhale kupanga kwa filimu kunali cimodzi-modzi. Kamera inali kujambula zakuda ndi zoyera zokha. Wofuna filimu ya mitundu anali kulipira ndalama zoonjeza. Ku Paris kunali nyumba ya nchito ya mai Élisabeth Thuillier, m'mene munali akazi pafupi-fupi 200. Iwo anali kupaka utoto ndi kaburashi pa kacithunzi kamodzi-kamodzi, kakang'ono ngati sitampa. Filimu iyi iri ndi tizithunzi toposa 13,000. Maina a akazi amenewo sanalembedwe pa filimu. Ngakhale maina a osewera sanalembedwe. Mutu umodzi susenza denga, koma dzina limene timakumbukira ndi limodzi.

Mapeto a Méliès

Filimu inayamba kuonetsedwa mu Setembro 1902, ndipo anthu anaikonda kwambiri. Koma ku Amerika amalonda ena anaikopera mwakuba ndi kuionetsa osamulipira. Patapita zaka, anthu anayamba kukonda mafilimu a mtundu wina, ndipo Méliès anagwa m'ngongole. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 mafilimu ace ambiri anasungunulidwa kuti atengemo siliva ndi zina. Mu 1923, cifukwa ca kuwawidwa mtima, iye mwini anaocha amene anatsala nao. Pambuyo pace anali kugulitsa zidole ndi maswiti pa siteshoni ya sitima ya Montparnasse.

Anthu okonda kanema anamupezanso ali wokalamba. Mu 1931 boma la France linamupatsa mendulo yaulemu. Anamwalira mu 1938. Mwa mafilimu ace oposa 500, otsala ndi pafupi-fupi 200. Filimu ya Mwezi yopakidwa utoto inali itasowa. Inapezeka ku Barcelona mu 1993, itaonongeka kwambiri. Akatswiri anaikonza kacidutswa-kacidutswa, ndipo inaonetsedwanso ku Cannes mu 2011.

Maganizo athu

Filimu iyi ndi yoyenera kuonera. Papita zaka zoposa 120, koma imaseketsabe ana ndi akulu. Imatiphunzitsa m'mene kanema anayambira, ndi m'mene zithunzi zimanamizira maso. Tikaionera, tiseke pamene pali poseketsa. Koma tisaseke zonse mofanana. Kugwa kwa nkhalamba yodzikuza ndi kwina, kufa kwa mwini dziko ndi kwinanso.

Nkhani yace sinathe. Mu 1967 maiko ambiri anasaina pangano lakuti palibe dziko limene linganene kuti Mwezi ndi wace. Pangano lotere linafunika cifukwa anthu anali kukumbukira zimene zinacitika pa dziko lapansi. Ku Mwezi kulibe anthu, koma kuno kwathu alendo amafikabe kudzafuna malo, malasha, mitengo ndi miyala ya mtengo wapatali. Ena amaodira, ena saodira. Ena amabwera ndi mapepala oti tisaine. Munthu wodziwa kuwerenga pepala ndi kuwerenga cithunzi amatha kufunsa asanabvomere. Paja Safunsa anadya phula.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani nkhani ya filimu iyi ndi mau anu, kuyambira pa msonkhano kufikira pa ciboliboli.

2. Kodi Méliès anacita bwanji kuti munthu aoneke ngati wasanduka utsi?

3. Chulani zinthu zitatu za m'filimu zimene sizingacitike ku Mwezi, ndipo nenani cifukwa cace.

4. Kodi ndani anayamba ndeu, alendo kapena eni Mwezi?

5. Ncifukwa ciani anthu oonera samva cisoni eni Mwezi akamafa?

6. Inu mukuganiza bwanji: Méliès akutama alendo kapena akuwaseka? Perekani zifukwa.

7. Kodi munaonapo cithunzi cimene cinanamiza anthu? Cinadziwika bwanji?

Nchito yolemba

Yerekezani kuti ndinu mwini Mwezi amene anagwidwa uja. Lembani mizere isanu yofotokoza zimene munaona tsiku limene alendo anafika kwanu. Mukamaliza, werengerani anzanu.